Heat pump ndi thandizo la boma: woyenera kulandira ndani, nanga kuno ku Kasungu makinawa angagwire ntchito yanji?

Mabanja ambiri a ku Kasungu ndi Mchinji ali ndi mwana, mlongo kapena mlamu amene akugwira ntchito ku UK, makamaka m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Ena mwa iwo agula nyumba kumeneko, ndipo m'magulu a WhatsApp apabanja mukuzungulira nkhani yoti boma la uko likupereka £7,500 kwa woika heat pump, makina a magetsi otenthetsera nyumba ndi madzi. Nkhaniyi ndi yoona, koma ikadutsa pakamwa pa anthu atatu imafika itapindika. Ena amamva ngati ndalamazo zimalowa m'thumba mwa mwini nyumba. Ena amaganiza kuti makinawo angagulidwe ku Leeds, n'kukwezedwa mu kontena, n'kudzaikidwa pa nyumba imene akumanga ku Mtunthama kapena kwa Kamwendo. Zonse ziwirizi sizingatheke. Ndalamazi zimatsata nyumba ndi mmisiri, sizitsata munthu, ndipo amene wamvetsa zimenezi savutika ndi malamulo ena onse otsalawo.

Makinawo ndi chiyani

Gwirani kuseri kwa firiji yanu ikamalira, mumva kutentha. Firiji sipanga kuzizira, imangotola kutentha m'kati n'kukakutaya kunja. Heat pump ndi firiji yotembenuzidwa: imatola kutentha mu mpweya wapanja n'kukulowetsa m'madzi. Fani imakoka mpweya kudutsa pa timalata topyapyala tonga ta radiator ya galimoto, ndipo gasi wa m'timapaipi ta mmenemo amamwa kutenthako. Kompresa imamupanikiza gasiyo mpaka atenthe kwambiri, iye n'kusiyira madzi kutenthako, kenako amadutsa pa vavu yomuchepetsa mphamvu, n'kuzizira, n'kukayambiranso.

Popeza magetsi akugwira ntchito yonyamula kutentha osati yopanga, yuniti imodzi imabweretsa kutentha kwa mayuniti atatu kapena anayi. Chiwerengero chimenechi amachitcha COP, ndipo akachiwerengera chaka chonse amati SCOP. Koma pali lamulo limodzi lomwe likhala likubwerabwera m'nkhani ino: mpata wa pakati pa mpweya wapanja ndi madzi omwe mukufuna ukakula, COP imatsika. Kukweza madzi kufika pa 35°C panja pali 10°C ndi ntchito yopepuka. Kuwakweza kufika pa 60°C panja pali chisanu choumitsa madzi ndi ntchito yolemetsa, ndipo mita imathamanga.

Woyenera kulandira ku England ndi Wales

Ndondomekoyi dzina lake ndi Boiler Upgrade Scheme, imayendetsedwa ndi bungwe la Ofgem, ndipo inayamba kulandira zopempha mu Meyi 2022. Poyamba inkapereka £5,000 pa makina otola kutentha mu mpweya ndi £6,000 pa otola kutentha m'nthaka. Mu Okutobala 2023 zonse ziwiri zinakwera kufika pa £7,500. Boma limasinthasintha malamulo ake, choncho tsiku losayina mgwirizano tsegulani tsamba la gov.uk muone chiwerengero ndi zofunika za tsikulo.

Nyumbayo ikhale yanu. Ngongole ya ku banki siletsa, bola dzina lanu lili pa mapepala a umwini. Ngati mukuchita lendi simungapemphe, koma mwini nyumba angathe, pakuti eni nyumba za lendi ndi ololedwa. Nyumba za khonsolo ndi za mabungwe opereka nyumba zotsika mtengo sizili m'ndondomekoyi. Malipiro anu safunsa, kaya mumalandira zambiri kaya zochepa.

Chachiwiri, heat pump ilowe m'malo mwa chotenthetsera chakale chogwiritsa ntchito gasi, mafuta, gasi wa m'masilinda (LPG) kapena mahita wamba a magetsi, ndipo chakalecho chichoke. Kusiya boiler ya gasi, chotenthetsera madzi chakalecho, kuti izithandizana ndi heat pump, zomwe amati hybrid, kumakuchotsani pa mndandanda. Ngati nyumbayo ili kale ndi heat pump, simungalandire ndalama zogulira ina yatsopano. Makina a £7,500 awa ayenera kutenthetsa zipinda komanso madzi osamba, asapitirire 45 kW, ndipo SCOP yake isatsike pa 2.8. Nyumba yatsopano yomangidwa ndi kampani yogulitsa nyumba siloledwa, koma imene munthu wadzimangira yekha imaloledwa.

Ndiye pali chikalata cha EPC, chomwe chimasonyeza mmene nyumba imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Chimagwira ntchito zaka 10, ndipo mungachione mwaulere pa intaneti polemba postcode. Amene anagula nyumba chaposachedwa amakhala nacho, pakuti wogulitsa amayenera kupereka. Poyamba, EPC ikanena kuti denga kapena mpata wa m'makoma ukufunika zotchinga kutentha, munkayenera kukonza kaye. Lamulo limenelo linachotsedwa mu Meyi 2024. Musasangalale msanga: kuchotsedwa kwa lamulo sikunatseke denga lanu. Ubweya wotchinga kutentha wokhuthala 270 mm kudenga ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo umachepetsa kukula kwa makina omwe mudzagule.

Chomaliza ndiye chimagwetsa ambiri. Mmisiri akhale wovomerezeka ndi MCS, bungwe lovomereza amisiri ndi makina otere ku UK, ndipo makinawo nawonso akhale pa mndandanda wa MCS. Mnzanu wa kutchalitchi amene amadziwa za mapaipi, ngakhale ali waluso chotani, ngati alibe nambala ya MCS ndalama sizituluka. Nambala imene wakupatsani ifufuzeni nokha pa tsamba la MCS, musakhutire ndi chizindikiro chomata pa galimoto.

Mmene ntchito imayendera

Inu simulemba fomu yopempha, amalemba ndi mmisiri. Yambani ndi kuitana amisiri atatu kuti aone nyumba ndi kupereka mitengo yolembedwa. Pa pepala lililonse mtengo wonse uoneke, £7,500 ioneke yachotsedwa, ndipo zotsala zomwe mulipire inu zilembedwe poyera. Funsaninso ngati mtengowo ukuphatikiza thanki ya madzi otentha, maradiator atsopano (zitsulo zapakhoma zomwe madzi otentha amadutsamo kuti zifunditse chipinda), ntchito ya magetsi ndi kuchotsa boiler yakale, chifukwa mtengo wooneka wotsika nthawi zambiri umakhala utasiya zimenezi. Ntchito yoika makinawa siilipiritsidwa VAT mpaka pa 31 Malichi 2027, ndiye mukaona 20% yawonjezedwa, funsani chifukwa chake.

Mukasankha mmisiri, iye amatumiza pempho ku Ofgem. Ofgem imakulemberani imelo yofunsa ngati mukuvomereza, ndipo muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Imelo imeneyi imakonda kugwera mu spam, ndipo munthu wogwira mashifiti ausiku amatha kuiona masiku atadutsa. Adiresi ya imelo yomwe mmisiri alembe ikhale yanu, osati yake kapena ya mwana wanu, ndipo dzina likhale ngati mmene lilili pa mapepala a nyumba. Mayina athu amavuta apa: pasipoti ili ndi mayina atatu, mapepala a nyumba awiri, EPC ili ndi adiresi yolembedwa mosiyana pang'ono. Kusiyana kotere kumachedwetsa pempho.

Mukavomereza, Ofgem imatulutsa voucher, chikalata cholonjeza ndalamazo. Ya makina otola kutentha mu mpweya imatha pakapita miyezi itatu, ya otola m'nthaka miyezi isanu ndi umodzi. Mmisiri amalize ntchito, ayese makina, atulutse satifiketi ya MCS, n'kukaombola voucher nthawiyo isanathe. Ndalama zimapita kwa iye. Musalole boiler yakale ichotsedwe voucher isanatuluke, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Banja lomwe lachotseratu boiler mu Novembala kenako n'kumva kuti pempho lakanidwa limakhala ndi nyumba yozizira komanso ngongole ya £7,500 yomwe silinaikonzekere. Mu mgwirizano mulembedwe chimene chichitike pempho likakanidwa.

Pali zilolezo zina zomwe si za Ofgem. Mmisiri amayenera kudziwitsa kampani yosamalira nthambo za magetsi m'deralo, ndipo nthawi zina fyuzi yaikulu ya nyumba imafunika kusinthidwa. Amawerengeranso phokoso lomwe lidzafike pa zenera la neba. Ngati nyumbayo ndi flat kapena ya leasehold (yomwe malo ake ndi a munthu wina), pemphani chilolezo cholembedwa kwa mwini malo. Nyumba zakale zotetezedwa ndi boma zimafuna chilolezo cha khonsolo.

A ku Scotland njira yawo ndi ina. Amadzera ku Home Energy Scotland, komwe thandizo ndi £7,500, kapena £9,000 kwa okhala kumidzi ndi kuzilumba, ndipo pali ngongole yopanda chiwongoladzanja yofika £7,500 yowonjezera. Kumeneko amapempha ndi mwini nyumba, ndipo ntchito isayambe kalata yovomereza isanafike.

Pamene zinthu zimalakwika voucher itatuluka kale

Kulandira thandizo ndi gawo losavuta. Chovuta ndi kukhala ndi makina omwe sakudyerani ndalama kwa zaka 15 zikubwerazo.

Mmisiri wabwino amayeza chipinda chilichonse: makoma, mazenera, denga, pansi, n'kuwerengera kutentha komwe chimataya pa tsiku lozizira kwambiri. Ntchito imeneyi imatenga maola angapo ndi tepi m'manja. Amene wangoyenda m'nyumba mphindi 20 n'kunena kuti pakufunika 12 kW akungoganizira. Mungamuyese nokha ndi bilu: tengani ma kWh (mayuniti) a gasi omwe nyumba inagwiritsa ntchito chaka chonse, mugawe ndi 2,900. Nyumba yomwe inadya 14,500 kWh ikusowa makina a pafupifupi 5 kW. Njira imeneyi ndi yongoyerekeza ndipo imanama ngati banjalo linkazimitsa boiler poopa bilu, monga ambiri amachitira, komabe ikasiyana kawiri ndi chiwerengero cha mmisiri, afotokoze. Makina aakulu mopitirira amayaka ndi kuzima kangapo pa ola, COP imatsika, kompresa imatopa msanga. Aang'ono mopitirira amalephera mu Januwale n'kumadalira hita yothandizira, yomwe imadya yuniti pa yuniti.

Nkhani yaikulu ili pa maradiator. Boiler ya gasi imatumiza madzi a 60°C mpaka 70°C, pamene heat pump imagwira bwino pa 35°C mpaka 45°C. Mphamvu yolembedwa pa radiator amaiwerengera pamene madzi aposa mpweya wa m'chipinda ndi madigiri 50. Madzi akamalowa pa 45°C n'kutuluka pa 40°C, chipinda chili pa 20°C, mpatawo ndi madigiri 22.5 okha, ndipo radiator yolembedwa 1,500 W imangopereka pafupifupi 530 W. Ndi chifukwa chake ena amafunika kusinthidwa ndi okhuthala kapena aatali. Timapaipi topyapyala ta 8 mm kapena 10 mm topezeka m'nyumba zina natonso timaletsa madzi kuyenda mokwanira. Mmisiri wofuna kuti mtengo wake uoneke wotsika amasiya maradiator akale n'kukweza madzi kufika pa 55°C. Nyumba imafunda ndithu, koma taonani masamu ake.

Nyumba ija ya 14,500 kWh, boiler yake ikamapereka 85 pa 100 iliyonse, imasowa kutentha kwa pafupifupi 12,300 kWh. Pa SCOP ya 3.5 heat pump idya mayuniti 3,500. Pa SCOP ya 2.5 idya 4,900. Ku UK yuniti ya magetsi imagulidwa pafupifupi kanayi mtengo wa yuniti ya gasi, kutanthauza kuti pa 3.5 bilu ikufanana ndi yakale, pa 2.5 yakwera ndi gawo limodzi mwa atatu. Makina ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, kusiyana kuli pa kutentha kwa madzi basi. Choncho pa mapepala a mmisiri funani mizere iwiri: kutentha kwa madzi komwe wakonzera, ndi SCOP yomwe akuyembekezera.

Pamafunikanso malo a thanki ya madzi otentha, kawirikawiri ya malita 180 mpaka 250. Nyumba zokhala ndi combi boiler, yomwe imatenthetsa madzi pomwe mwatsegula mpope, zilibe thanki, ndiye kabati ina iyenera kuperekedwa nsembe. Kagwiritsidwe kakenso ndi kena. Chizolowezi choyatsa ola limodzi m'mawa, ola limodzi madzulo, chomwe ambiri anachiphunzira poopa bilu, sichigwirizana ndi heat pump. Iyo imafuna kuyenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, madzi ali ofunda chabe. Uzani mmisiri ayatse weather compensation, yomwe imakweza ndi kutsitsa kutentha kwa madzi potsata nyengo ya panja, ndipo akuphunzitseni kuisintha. Mukaona nthunzi ikutuluka pa makina tsiku lozizira musachite mantha, akusungunula ayezi pa timalata tija. Madzi osungunukawo akhale ndi polowera, asayenderere pa njira n'kuuma.

Kuno kwathu

Voucher ya Ofgem singalipire nyumba ya ku Malawi. Uthenga uliwonse wa pa Facebook kapena WhatsApp wonena kuti tumizani ndalama yolembetsera pa Mpamba kapena Airtel Money kuti mulandire thandizo la heat pump ndi wa akuba. Ntchito za boma zomwe tikuzidziwa kuno, monga MAREP ndi ntchito ya $150 miliyoni yomwe World Bank inavomereza mu 2019, cholinga chake ndi kufikitsa magetsi kwa omwe alibe, kudzera pa nthambo za ESCOM kapena pa sola. Za zimenezo kafunseni ku ofesi ya ESCOM kapena ku khonsolo, maso ndi maso.

Kutenthetsa zipinda si vuto lathu. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye, ngakhale ku Mchinji komwe kumabaya m'mamawa, kumatha ndi bulangete ndi juzi. Chomwe chimadya mayuniti m'nyumba za m'tauni, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa M1 ndi M12, m'zipatala ndi m'sukulu zogonera komweko ndi giza. Apa ndi pamene heat pump yaing'ono yotenthetsa madzi okha ili ndi ntchito, ndipo nyengo yathu imaikomera kuposa ya ku Ulaya, chifukwa masana mpweya umakhala wofunda chaka chonse.

Kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna 1.16 Wh. Giza ya malita 150, kuchoka pa 20°C kufika pa 55°C, imadya mayuniti 6.1, ndipo element ya 3 kW imatenga maola awiri. Heat pump ya COP 3 imachita ntchito yomweyo ndi mayuniti awiri. Banja lomaliza giza imodzi pa tsiku limapulumutsa mayuniti anayi, pafupifupi 120 pa mwezi, 1,450 pa chaka. Tengani lisiti la mayuniti omwe mwagula posachedwa, gawani ndalama ndi mayuniti kuti mupeze mtengo weniweni wa yuniti, chulukitsani ndi 1,450, kenako mugawe mtengo wa makina ndi ntchito yoika ndi yankholo. Mwapeza zaka zobwezera ndalama. Zikapitirira zisanu ndi chimodzi, ganizani kawiri.

Kunena mosabisa, pa banja la anthu anayi kapena asanu giza ya sola imapambana. Ilibe kompresa, sidalira ESCOM, ndipo dzuwa la ku Kasungu ndi lokwanira miyezi yambiri. Heat pump imayamba kupambana pamene madzi akufunika ambiri, m'mamawa ndi usiku, ngakhale kunja kuli mitambo. Malo ogona a zipinda khumi ogwiritsa ntchito malita 500 pa tsiku amasowa mayuniti 20 pa element, koma 6 kapena 7 pa heat pump, kusiyana kwa mayuniti pafupifupi 400 pa mwezi. Ubwino wina ndi woti makina opereka 3.5 kW amakoka pafupifupi 1 kW yokha, ndiye angayende pa inverter ndi mapanelo masana, pamene element ya 3 kW imagwetsa inverter zambiri za m'nyumba. Onetsetsani kuti inverter ikupirira kukoka kwa poyambira, pakuti kompresa wamba imakoka kangapo mphamvu yake m'kamphindi koyamba.

Kuika kwake

Giza yomwe muli nayo simuyitaya, imakhala thanki yosungira. Makina opereka 3.5 kW amakwanira malita 150 mpaka 200 ndipo amatenthetsa malita 150 m'maola osakwana awiri. A 5 kW ndi a malita 300. Ponyamula kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chipata akhale choimirira. Ngati anagonekedwa m'galimoto, aimikeni maola 24 musanayatse kuti oyilo abwerere mu kompresa.

Ayikeni panja, pa simenti yosalala kapena pa mabulaketi olimba apakhoma, ndi timphira pansi pa miyendo kuti kunjenjemera kusalowe m'nyumba. Kuseri musiye masentimita 30, kutsogolo kwa fani mita imodzi ndi theka popanda chotchinga. Ambiri poopa akuba amawatsekera m'kachipinda kapena kudenga, ndipo makinawo amayamba kupuma mpweya wozizira womwe atulutsa okha, COP n'kugwa. Khola la zitsulo zotalikirana lokhala ndi loko limateteza popanda kutsamwitsa. Musawaike pansi pa zenera la chipinda chogona, pansi pa mtengo wa mango wogwetsa masamba, kapena pafupi ndi khitchini ya nkhuni, chifukwa mwaye ndi mafuta zimamatirira pa timalata.

Mapaipi awiri a 22 mm amalumikiza makina ndi giza: imodzi imatenga madzi ozizira pansi pa thanki, ina imabweza otentha. Akhale afupi mmene zingathekere, mogwirizana ndi malire olembedwa m'buku la makinawo, ndipo akutidwe onse ndi thovu lotchinga kutentha. Thovu la panja likutidwenso kapena lipakidwe penti, apo ayi dzuwa la Okutobala limalifumbutsa chaka chisanathe. Pa paipi yolowa m'makina muike sefa ya Y, mavavu otsekera mbali zonse ziwiri kuti pokonza musakhuthule thanki, ndi kavavu kotulutsa mpweya pamalo okwera kwambiri. Sensa ya kutentha ilowe mpaka kumapeto m'kachubu ka thermostat pa giza. Ikangomangiriridwa pa paipi panja imanamiza makina, ndipo amayenda osaleka kapena kuzima madzi asanatenthe. Vavu yotetezera pa giza, imene imatsegula kutentha kapena mphamvu ya madzi ikapitirira, isachotsedwe kapena kutsekedwa ngakhale ikudontha. Kudonthako ndi chizindikiro choti mufufuze vavu yochepetsa mphamvu ya madzi.

Madzi ambiri kuno amachokera mu thanki ya pa nsanja. Mamita 10 a kutalika amapereka mphamvu ya madzi ya pafupifupi 100 kPa, ndiye thanki ya pa mamita asanu ikupereka 50 kPa yokha. Pa mphamvu yochepa chonchi mpweya umakodwa m'mapaipi, pampu imazungulira pachabe, ndipo makina amazima n'kuonetsa kuti madzi sakuyenda. Zimachitikanso mipope ya Central Region Water Board ikauma n'kubweranso. Zimitsani makina, tsegulani mpope wa madzi otentha mpaka asiye kutsokomola, tulutsani mpweya pa pampu, tsukani sefa, kenako yatsani. Kuyatsa giza ilibe madzi kumaotcha pampu ndi element yomwe.

Za magetsi aike ndi munthu wokhala ndi chiphaso cha MERA. Makinawo akhale ndi breaker yawoyawo pa bolodi, switchi yozimitsira pafupi nawo, waya wa earth woyezedwa, ndi chotetezera cha earth leakage, popeza madzi ndi magetsi zakumana. Chofunika koposa kwathu kuno ndi chida chodula magetsi akatsika kapena kukwera mopitirira, chokhala ndi kudikira kwa mphindi zitatu mpaka zisanu. Magetsi athu ndi a 230 V, koma kumapeto kwa nthambo madzulo amatsika, ndipo kompresa yoyenda pa magetsi ofooka imakoka kwambiri n'kutentha. Akathima n'kubwera nthawi yomweyo, gasi amakhala asanakhazikike ndipo kompresa imayamba ikulimbana ndi katundu. Makompresa ambiri amafa ndi zinthu ziwiri zimenezi, osati ukalamba. Mphezi za Disembala mpaka Malichi zimaotcha bolodi la makina, ndiye chotetezera mphezi pa bolodi lalikulu musachisiye. Element yakale isiyeni ilumikizidwe pa switchi yakeyake yozimitsidwa, idzakuthandizeni makina akadwala.

Ikani kutentha pa 55°C. Makina a gasi wa R410A amathera pamenepo, a R134a amafika 60°C, a R290 amapitirira. Kamodzi pa sabata madzi afike pa 60°C, ngakhale pogwiritsa ntchito element, kuti tizilombo ta legionella tomwe timaswana m'madzi ofunda tife. Nthawi yoyatsa ikhale pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, pamene mpweya ndi wotentha, m'malo mwa 4 koloko m'bandakucha wa mu Julaye pamene COP ili pansi. Thanki yokutidwa bwino imasunga madziwo mpaka m'mawa.

Adani awiri otsala ndi fumbi ndi madzi a pa mjigo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, timalata timadzaza fumbi ndi mapulusa a tchire lootchedwa. Zimitsani makina kamodzi pa mwezi, tsukani ndi madzi a mphamvu yochepa kutsata mmene timalata tayendera, osagwiritsa ntchito burashi ya waya. Yang'ananinso m'bokosi la mawaya, abuluzi ndi nyerere amakonda kufunda kwake. Madzi a m'zitsime zakuya zambiri amasiya choko, chomwe mumachiona pansi pa ketulo. Choko chimenecho chimakuta tinjira topyapyala momwe gasi amasiyira madzi kutentha, makina amayamba kuchedwa, kenako amazima n'kuonetsa high pressure. Ngati ketulo yanu imayera pansi pasanathe mwezi, ikani chofewetsa madzi musanagule makina, musapitirire 55°C masiku wamba, ndipo kamodzi pa chaka mmisiri azungulitse madzi a citric acid m'makinamo, mavavu a ku giza atatseka, n'kutsukuluza bwino. Ndodo ya anode mu giza, yomwe imaiteteza ku dzimbiri, ionedwe chaka chilichonse ndipo isinthidwe ikadyeka theka.

Musanalipire, funsani wogulitsa mafunso atatu: gasi wa makinawo amapezeka ku Lilongwe, bolodi ndi pampu zosinthira ali nazo m'sitolo, ndiponso mmisiri wa mafiriji amene angafike ku Kasungu kapena ku Mchinji nthawi ya waranti ndi ndani. Tsiku loika, lembani mayuniti otsala pa mita, zimitsani zina zonse, tenthetsani giza yodzaza madzi ozizira mpaka makina azime okha, n'kuwerenganso. Pa malita 150 mita itsike ndi mayuniti pafupifupi awiri. Ikatsika ndi anayi kapena kuposa, ndiye kuti element ikuyakira limodzi, sensa ili pamalo olakwika kapena gasi ndi wochepa, ndipo mmisiri akonze asanalandire ndalama yomaliza.